Ma sign a manja omwe mulibe m'buku la marefa: ndiwasiye kapena ndipitirize?

Kadzidzi574:

Moni nonse muno, makamaka inu amene munagwirapo wezulo pa basketball kaya kumudzi kaya kunja kuno. Pali nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira Lachisanu nde ndati ndiitule pano.

Ine ndimakhala ku Indiana, mbali ya South Bend komwe aMalawi tilipo ambiri ndithu, ndipo ino ndi sizoni yanga yachiwiri kuimbira magemu a ku high school, ambiri ndi a JV, ndiye kuti timu yachiwiri ya pasukulu, ana amene sanafike pa timu yaikulu. Amene mukuidziwa Indiana mukudziwa kuti basketball ya ana asukulu kuno anthu amaitenga ngati chipembedzo, Lachisanu usiku tauni yonse ili mu gym, agogo ndi zidzukulu zomwe, ndipo aliyense wakhala pa benchi amadziona ngati refa. Ndisanabwere kuno ndinkaimbirako kwathu, magemu a masekondale ndi tima friendly, pa malamulo a FIBA, bungwe la basketball la dziko lonse lapansi, nde manja angawa anakulira kumeneko.

Lachisanu lapitali kunabwera mdala wina amene amayendera marefa atsopano, anangokhala kumtunda uko ndi kope lake osalankhula ndi munthu. Gemu itatha anatipeza kosinthira zovala nkundiuza kuti ma call anga ali bwino, kuthamanga ndikuthamanga, koma manja anga akulankhula chilankhulo chomwe m'buku la NFHS, bungwe lolemba malamulo a masewera a ku high school kuno, mulibe. Anandiwerengera zinayi, zolemba kulemba. Choyamba, mwana akadumphira mnzake pamsana polimbirana rebound ndimakweza manja onse nkuwagwetsera kutsogolo ngati ndikukwera munthu, ija amati over the back. Chachiwiri, wina akatchinga shoti bwinobwino ndimapukuta nsonga za zala ndi dzanja linalo kusonyeza kuti wagwira mpira wokha, palibe faulo. Chachitatu, mwana akadzigwetsa dala ndimamukodola ndi chikhatho kuti dzuka iwe. Chachinayi, woponya mpira kuchokera kunja akachoka pamalo pake ndimazunguliza zibakera ngati travelling.

Ndiye pali china chachisanu chomwe sanachilembe koma anaseka mpaka kutsokomola. Kota yachitatu kochi wa alendo anapempha taimu auti, ine mutu unabwerera kumudzi ndinangopanga T ija ya chala chimodzi pansi pa chikhatho ngati mmene timachitira ku FIBA, pomwe kuno T ndi sign ya technical, faulo ya khalidwe loipa. Abale gym yonse inaphulika, kochi anafiira nkhope akuti technical ya chani ine ndangopempha taimu auti, wa patebulo wayamba kale kulemba technical. Chimenecho ndavomera, ndinalakwa, sindikukanganirapo.

Koma zinayi zinazo ndi zomwe ndikufunsa. Ine ndimaona ngati zimathandiza, anthu amamva msanga zomwe ndaona, phokoso limachepa. Ndipo ma refa a NBA pa TV amapanga zambiri zoposa pamenepa palibe amawanena. Kodi mdalayu akungofuna kundionetsa ukulu kapena pali nzeru yomwe sindikuiona? Inu mumatani?

MadalaBYC:

Mphwanga, poyamba pepani ndaseka kaye za T ija, ndaseka zedi, chifukwa ndikumuona kochiyo m'maso mwangamu.

Tsono mundimvere. Ine ndaimba wezulo nthawi yaitali kuno ku Blantyre mawondo asanandikane, ndipo chinthu chimene anyamata ambiri amachedwa kuchimvetsa ndi chakuti sign si ya masapota. Sign ndi kalata yopita malo awiri basi, kwa mnzako amene ukuimba naye ndi ku tebulo. Masapota amangoba nawo kuwerenga kalatayo. Mnzako ali tsidya lina la bwalo, phokoso lili tiii, mawu ako sakuwamva, chimene akuona ndi dzanja lako. Likakwera lotambasula akudziwa kuti ndi violation, likakwera chibakera akudziwa kuti ndi faulo, ndipo pompo mutu wake wayamba kale kuwerenga kuti mpira ukaponyedwere kuti, ndani akuponya ma free throw, iye akaime pati. Ukaikapo sign yako yopeka wamuimitsa kaye kuti ayambe kumasulira, ndipo kasekondi kameneko ndi komwe ana awiri amayamba kukankhana kumbuyo kwake iye akuyang'ana iwe.

Koma nditenge chimodzichimodzi chifukwa zinayizo sizolemera mofanana.

Ya over the back ija ndi yoipa osati chifukwa ndi yonyansa kuiona, ngakhale ndi yonyansadi, munthu wamkulu kuima pakati pa bwalo manja ali lende ngati chiwanda. Ndi yoipa chifukwa ikuphunzitsa lamulo lomwe kulibe. Tsegulani buku lililonse, la FIBA kaya lanu la ku America, faulo yotchedwa over the back simuipeza. Mwana wamtali akaima kumbuyo kwa wamfupi nkudumpha molunjika nkutenga mpira pamwamba pa mutu wake osamusuntha, wachita bwino, Mulungu anamupatsa msinkhu. Faulo imabwera pokhapokha wamukankha kapena wamutsamira mpaka kumuchotsa pamalo pake, ndipo dzina lake ndi push, sign yake ilipo kale, zikhatho ziwiri kukankha kutsogolo. Tsono inu mukapanga ya chiwanda ija lero, mawa mwana wamtali akatenga rebound yoyera gym yonse ikuwa over the back, ndipo amene wawaphunzitsa ndinu. Mwadzikolezera moto nokha komanso mwakolezera refa wa sabata ya mawa amene sanalakwe kanthu. Chimodzimodzi ija amati reach, kutambasula dzanja kufuna mpira si mlandu, mlandu ndi kumenya mkono kapena kugwira.

Ya kupukuta zala ija ndiyo imene ine ndinalumidwa nayo ndekha nde ndikulankhula ndi chipsera. Gemu ina ya masekondale, ya anyamata, yothina, ine ndili pansi pa ring ngati lead, refa wa kutsogolo, mnyamata anakwera nkutchinga shoti mpira wokhawokha, ine mosangalala ndayamba kupukuta zala kuti onse aone kuti maso anga ndi akuthwa. Nthawi yomweyo kumbuyo uko priiii, mnzanga wa trail, refa wotsalira kumbuyo, chibakera m'mwamba, anaona wotchinga uja akumugunda mnzake ndi chiuno ali m'malere, chimene ine sindikanachiona pomwe ndinaima. Tsono taganizani chithunzi chake, refa mmodzi akuti palibe kanthu, winayo akuti faulo, onse awiri manja poonekera. Kochi sanavutike nkutukwana, anangondiloza nkuti afunseni anzanuwo. Mnzangayo anali wolondola koma amene anamuvula pagulu ndi ine. Tinakwera minibasi imodzi pobwerera osalankhulana mpaka mu Limbe.

Ukakhala chete, wezulo osalira, ndiye kuti wanena kale kuti palibe faulo kumbali yako. Sipafunikanso kusainira. Ndipo pamene manja ako ali bize kufotokoza zomwe zadutsa, mpira uli kale pa rebound.

Ya throw-in ija musiye lero lomwe chifukwa ndi bodza lenileni. Munthu ali kunja kwa bwalo sangapange travelling, alibe phazi la pivot kumeneko, akhoza kuvina ngakhale beni bola asapyole malo ake. Ku FIBA timamulola kusuntha cham'mbali mpaka mita imodzi. Inu mukazunguliza zibakera ana amayamba kuopa kusuntha phazi ndipo makochi amayamba kukuwa travel pa throw-in iliyonse.

Ya dzuka iwe ija, aaa, imeneyo ndi mwano chabe mphwanga. Tsiku lina mudzamukodola mwana amene wathyokadi.

Za NBA musazitengere. Amene aja ndi akatswiri a ntchito, ali ndi buku lawo, makamera awo ndi mabwana awo. Inu muli ndi mwana wa Form 3 patebulo.

CoachWaArea18:

Madala mwalankhula zomveka ndipo pa over the back ndili nanu, ine ana anga ndimawaletsa ngakhale kulitchula liwulo. Koma mundilole ndiimireko mbali ya ife a pa benchi chifukwa marefa mukakumana nokhanokha mumaiwala kuti ifenso ndi anthu.

Chimene chimatipsetsa mtima si call yolakwika, call yolakwika timaidziwa, tonse timalakwa. Chimatipsetsa ndi refa amene waimba wezulo nkungoloza mbali, nkhope gwa, ngati wapolisi wa pamsewu, iwe osadziwa kuti mwana wako walakwa chani kuti umukonze. Nde refa amene amayesako kufotokoza ndi manja ngati achimwene a ku Indiana awa ine ndimamuona ngati munthu amene akundilemekeza. Mwachitsanzo mpira watuluka kunja, aliyense akuona ngati womaliza kuukhudza ndi wa timu inayo, koma refa waona kuti unapsepsa chala cha mwana wanga, akandipangira ka sign kakupsepsa kaja mpira utafa kale ine ndimakhala pansi, nkhani yatha. Akapanda kutero ndiima ndifunse, iye aona ngati ndikumuderera, mapeto ake T yeniyeni osati ya taimu auti ija kkkk.

Nde ine ndingati kusiyana kuli pa nthawi. Mpira uli moyo, manja anu akhale a m'buku basi, apo Madala anena zoona. Mpira utafa, mwapanga kale sign yovomerezeka, tebulo lalemba, kuwonjezera kakufotokoza pang'ono sindikuona tchimo. Komanso pakamwa mulipo, bwanji osangonena? Refa wina amene ndimamukonda kuno akamadutsa pa benchi amangoti coach, 12 anamugwira jezi, basi, mawu anayi, ine phee.

Chinanso choti mudziwe, magemu athu ambiri a masukulu timasewera panja pa simenti, bolodi ya zigoli kulibe, wotchi ndi foni ya mphunzitsi, muvi wa possession ndi katoni yojambulidwa ndi marker yomwe mphepo ikaomba imatembenuka yokha. M'malo oterowo refa amakhala bolodi, wotchi ndi wailesi nthawi imodzi, nde musadabwe kuti amene anakulira kuno manja awo amalankhula kwambiri. Si matama, ndi chizolowezi cha kusowa.

MadamPE:

Ine ndine mphunzitsi pa sekondale ina ya atsikana ndipo ndibwere ndi vuto lina lomwe abambo simunalitchule. Kuno ambiri amene timapatsidwa wezulo pa basketball ya atsikana tinachokera ku netball, ifeyo ndi mtundu wa ma Queens paja, mwana aliyense wamkazi anayamba waponya mpira wa ntchemberembaye asanaone ring ya bolodi. Nde manja athu ali ndi chilankhulo china kale.

Ku netball munthu akakhalitsa ndi mpira timakweza dzanja m'mwamba ndi zala zitatu, held ball, masekondi atatu aja. Ku basketball dzanja m'mwamba ndi zala zitatu ndiye kuti munthu waponya ya mapointi atatu. Ndipo liwu lomwelo la held ball ku basketball likutanthauza zina, kuti awiri agwira mpira limodzi, sign yake zala zazikulu ziwiri m'mwamba. Mnzanga wina pa gemu ya ma Form 2 anaimba wezulo nkukweza zala zitatu kutanthauza kuti mtsikana wakhalitsa mu key, bokosi la pansi pa ring lija, mwana wa patebulo analemba mapointi atatu, tinadzazindikira pa half time mabuku awiri akusiyana, ndipo mkangano wake munthu sungaufune. Sign ya masekondi atatu a mu key ilipo yakeyake, mkono umakhala m'munsi cham'mbali osati kumwamba.

Nde ine pa funso lanu achimwene ndili mbali ya Madala, koma chifukwa changa ndi ana a patebulo. Amene amalemba magemu a sukulu si akatswiri, ndi ana kapena kholo longodzipereka, munawaphunzitsa ma sign khumi mphindi zisanu gemu isanayambe. Aliyense amene mwawonjezera ndi mwayi wina woti alembe zolakwika. Ine ndinafika pojambulitsa pepala la ma sign a FIBA nkulimata patebulo ndi selotepi, ndipo ndimawauza kuti chimene sichili papepalapa musalembe, mundiitane.

Koma a Coach nanunso musatinamize kuti mukafotokozeredwa mumakhala pansi kkkk. Ena mukafotokozeredwa ndi pomwe mumapeza poyambira.

Jah_Dunk:

Kkkkkk T ya taimu auti yandipha ine. Man munangotsala pang'ono kuyambitsa nkhondo ku America ndi chala chimodzi. Koma zoona ma ref ena amaonjeza, kuli wina amaimba charge ngati akuvina gule, kudumpha katatu chibakera kutsogolo mpaka wezulo kugwa mkamwa, ife timapita kukaonera iyeyo osati gemu.

TrailNdiLead:

Achimwene a 574 ndine neba wanu, ndili tsidya lino la Michigan, ndakhala ndikuimba high school kwa zaka zingapo nde mdala wanu wa kope uja ndikumudziwa mtundu wake, tonse tinadutsa m'manja mwa woteroyo. Sakukuonetsani ukulu. Ndikuuzeni mmene zimayendera kuno, amene amagawa magemu akafuna kukukwezani kuchoka JV kupita varsity, kapena kukupatsani magemu a tournament kumapeto a sizoni, sangaone ma call anu onse koma manja anu amawaona ali pakhomo. Ku tournament amakuphatikizani ndi anthu awiri amene simunaimbe nawo chibadwire, mwakumana ola limodzi gemu isanayambe, nde chomwe chimakupangitsani kukhala timu ndi chakuti nonse mukulankhula za m'buku limodzi. Munthu wa ma sign akeake amaoneka ngati sanawerenge, ngakhale atakhala kuti amawerenga kuposa onse.

Koma pali mbali ina yomwe ikukomerani pang'ono, bukulo si Malamulo Khumi a pa phiri, limasintha, ndipo nthawi zina limatengera zomwe marefa ankachita kale mobera. Ija yotambasula manja onse m'mbali kusonyeza kuti wotchinga ali patali, sakuwerengedwa closely guarded, lamulo lija loti wotchingidwa pafupi asakhalitse ndi mpira masekondi asanu, anthu ankaipanga isanavomerezedwe, NFHS inadzailowetsa m'buku mu 2007. Inalowa chifukwa ikunena chinthu chomwe lamulo lili nacho, mtunda wa mafiti 6 uja, ndipo ikuyankha funso lomwe kochi amafunsa nthawi zonse loti bwanji simukuwerenga faifi. Kunena nambala ya wolakwa ndi manja awiri patebulo kunabwera mu 2017, kale tinkachita ndi dzanja limodzi manambala motsatizana. Mu 2021 anachotsa chibakera chija chokhomera kutsogolo cha team control nkunena kuti tizigwiritsa dzanja la kunkhongo pa zonse ziwiri, player control ndi team control, mafaulo a mbali yomwe ili ndi mpira, koma pitani mu gym iliyonse mupeza madala akukhomabe chibakera chifukwa chimakoma kupanga, nanga si chimagulitsa call. Mu 2023 one and one, ija umaponya free throw yachiwiri pokhapokha yoyamba yalowa, inatha, pano ndi ma free throw awiri kuyambira faulo yachisanu ya timu pa kota iliyonse, nde zala ziwiri zija za one and one zinapita ku museum. Ndipo za kudzigwetsa dala zomwe mumakodola nazo ana zija, kuyambira sizoni ya 2024 lamulo lilipo, koyamba ndi chenjezo ku timu, kachiwiri technical. Nde simukufunikanso kumunyoza mwana ndi chikhatho, muli ndi chida chenicheni, chigwiritseni kapena musiyeni agone pansi gemu izipitirira.

Muone kusiyana kwake, ma sign amene amadzalowa m'buku ndi amene akufotokoza lamulo lomwe lilipo. Over the back ndi travelling ya pa throw-in sizidzalowa chifukwa zikufotokoza lamulo la m'mutu mwa masapota. Pa throw-in paja malo ake ndi mafiti 3 m'lifupi, bola phazi limodzi lili pamalopo kapena pamwamba pake, kumbuyo akhoza kubwerera mmene angathere.

Tsono poti inu ndi ine tinachokera ku FIBA, ndikuchenjezeni misampha ina isanakugwereni ngati T ija. Taimu auti kuno ilipo mitundu iwiri, atatu a masekondi 60 ndi awiri a masekondi 30, ya 30 mumagwira mapewa ndi nsonga za zala, ya 60 mumatambasula manja m'mbali, ndipo osewera amene timu yake ili ndi mpira akhoza kupempha yekha, pomwe ku FIBA ndi kochi yekha kudzera patebulo. Faulo ija kwathu timati unsportsmanlike nkugwira mkono m'mwamba, kuno kulibe dzina limenelo, yofanana nayo ndi intentional ndipo mumapingasa manja pamwamba pa mutu. Charge kwathu ndi chibakera kumenya chikhatho, kuno musayerekeze. Kuwoloka pakati ndi masekondi 10 osati 8, dzanja lanu lizolowere kuwerenga mpaka teni, ine chaka choyamba ndinaimbira mwana pa 8 ndipo mayi ake ananditsatira ndi mawu mpaka pa galimoto. Closely guarded kuno imagwira ngakhale mwana akudribula mu frontcourt, ku FIBA ndi wogwira mpira yekha. Ndi step ija ya ziro, ya pogwira mpira yomwe siwerengedwa pa travelling, yomwe FIBA inavomereza mu 2017, kuno ku high school kulibe.

Manambala a jezi nawonso ali ndi nkhani ya manja yomweyi. Munadabwapo chifukwa chake simuona mwana wa high school atavala 7 kapena 28? Malamulo a NFHS amalola manambala opangidwa ndi 0 mpaka 5 basi, kuti refa athe kuwaonetsa ndi zala za dzanja. Ndipo ife akale tikukumbuka FIBA ili ndi 4 mpaka 15 yokha, chifukwa 1, 2 ndi 3 zinali za mapointi ndi ma free throw, anadzamasula mu 2014. Ndiye kuti anthu anafika posankhira ana manambala ovala pofuna kuti dzanja la refa lisasokoneze tebulo, nde inu mukabwera ndi ma sign anu anayi owonjezera mukuona mmene mdala uja zikumuwawira.

Pa zomwe anena a Coach za mpira utafa, ine ndimachita koma mochepa kwambiri, ndipo ndimayamba ndapanga ya m'buku. Mdala wa kope akakhalapo sindichita nkomwe, ndimagwiritsa pakamwa. Chinanso yeserani pagalasi, zikumveka zachibwana koma dzijambuleni pa foni mukunena faulo patebulo, mtundu wa jezi, nambala, mtundu wa faulo, ma free throw angati, mutaima chilili osati mukuyenda. Mudzadziona nokha zomwe manja anu amachita inu osadziwa. Ine ndinapeza kuti ndinkaloza mwana wolakwa ndi chala kumaso ngati ndikumuimba mlandu wa ufiti.

CoachWaArea18:

Madam mwandilasa kkkk koma sindikana. A Trail funso, nanga mwana akafunsa yekha mwaulemu kuti ref ndalakwa chani, kumenekonso amakuletsani kumuonetsa ndi manja?

TrailNdiLead:

Ayi a Coach, kuyankha mwana palibe amaletsa, makamaka captain, bola mwachidule ndipo gemu isaime chifukwa cha zimenezo. Ndimangomuuza kuti dzanja lako linali pa chiuno chake nthawi yonse, chotsa. Ndipo zambiri timanena faulo isanachitike, hands off, tuluka mu key, ana a JV amamva. Chomwe ndimapewa ndi kuchita sewero la zomwe wachita pamaso pa gym yonse, mwana wa zaka 15 ukamuyerekeza pagulu wamuchititsa manyazi ndipo bambo ake ali pa mzere wachitatu.

MadalaBYC:

A Trail mwandikumbutsa za 4 mpaka 15, ife jezi zathu zoyamba zinali choncho ndipo wamtali kwambiri ankapatsidwa 15 osafunsidwa. Zoti ku America anachotsa chibakera chija zandisangalatsa, anyamata ena amachikhoma ngati akumenya munthu.

A Coach, pa mpira wakufa tagwirizana theka. Ine ndimaopabe chifukwa dzanja lilibe nzeru yosiyanitsa, ukalizoloweza kupsepsa zala mpira utafa lidzapsepsa mpira uli moyo tsiku la final. Koma poti mwati inu mumakhala pansi, tidzakuonani.

Kadzidzi574:

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndawerenga kawiri. Madala nkhani ya minibasi ija yandigwira chifukwa ndakumbuka kuti sabata ziwiri zapitazo mnzanga amene ndinkaimba naye, mzimayi wina wachizungu amene wakhala pa wezulo zaka zambiri, anandifunsa pa half time kuti ukamapukuta zala zija ukufuna ine nditani, ndimeze wezulo? Ine ndinaseka ndimaganiza ngati nthabwala.

Ya chiwanda, ya travelling ya panja ndi ya dzuka iwe ndazisiya, sindikuzilira nkomwe. Ya kupsepsa zala mpira utatuluka kunja ndikuona ngati ndiisungabe m'thumba ya tsiku lomwe kochi ali patali moti mawu sangafike, Madala mundikhululukire pamenepo. Ndayesa za pagalasi zija usiku wathawu mpaka akazi anga anabwera kudzaona kuti ndikulankhula ndi ndani ku bafa, white, two three, push, two shots, ndipo a Trail munanena zoona, ndapeza kuti ndikamanena nambala ndimayamba ndi dzanja lolakwika nde patebulo 23 amaoneka 32.

Lachiwiri ndili ndi ya atsikana ya JV 6 koloko, mdala uja akuti adzabweranso ndi kope lake. A Trail ndikutumizirani uthenga ku inbox, mwina Loweruka lina mudzawoloke mudzandionere, nsima ndi ya kwathu.